Ofesi ya kazembe si dothi la dziko la eni ake

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodziyi, ndipo ndatopa nayo. Amati ukangolowa pachipata cha ofesi ya kazembe wa dziko la ku Ulaya mumzinda wa mu Africa, ndiye kuti waponda dothi la ku Ulaya. Ena amawonjezera kuti mwana wobadwira mmenemo amakhala nzika ya kumeneko. Ayi ndithu.

Malowo amakhalabe mbali ya dziko lomwe lalandira kazembeyo. Chimene chimasokoneza anthu ndi chitetezo chapadera chomwe chili mu pangano la mayiko lokhudza akazembe, lomwe linapangidwa mumzinda wa Vienna mu 1961. Ndime 22 imati apolisi kapena akuluakulu a boma sangalowemo popanda chilolezo cha mkulu wa ofesiyo, ndipo boma lili ndi udindo woteteza malowo. Koma kuletsedwa kulowa m'nyumba sikutanthauza kuti nthaka yasamuka. Ndime 41 imanena kuti akazembe azilemekeza malamulo a dziko lomwe akukhalamo, pomwe ndime 9 imapatsa boma mphamvu yokana kazembe ngakhale osapereka chifukwa. Ndipo ofesi ya kazembe wa mu Africa ku London kapena ku Paris imatetezedwa chimodzimodzi, zomwe okamba nkhaniyi satchula kawirikawiri.

Za unzika wa mwana zimatsata malamulo a dziko lililonse, osati mpanda wa ofesi.

Panganoli lilipo pa intaneti, ndipo ndi lalifupi. Wina akakutumizirani nkhaniyi pa foni, mufunseni ndime yomwe ikunena zimenezo, mukaiwerenge nokha musanaitumize kwa ena.