Novelo yachikondi ya wosamalira nyama: ntchitoyo ioneke kuti ndi ntchito

Ntchito yanga ndi kuwerenga ndi kukonza nkhani za anthu zisanapite kosindikiza, ndipo mwa zomwe achinyamata akuno ku Kasungu amandipatsa, zachikondi zoseketsa ndiye zimachuluka. Mutu umodzi umene ndimaukonda kwambiri ndi uja wa mtsikana wosamalira nyama zakutchire, uku ntchito ikumukoka uku mtima uli pa mnyamata. Mutuwu ndi wabwino zedi koma ambiri amaupha okha, poti nyamazo amangozikolekamo ngati maluwa apakhonde, mtsikanayo wavala yunifomu pa tsamba loyamba basi, kenako mpaka buku kutha osamuonanso akugwira ntchito.

Choyamba mudziwe mmene nkhani yamtunduwu imayendera. Wowerenga amadziwa kale kuti awiriwa adzakwatirana, sabwera kudzafunsa zimenezo ayi. Chimene chimamugoneka mochedwa ndi kufuna kuona chomwe chikuwatchinga ndi mmene achilumphire. Ndiye ngati chotchingacho ndi foni yotayika, kaya mnzake wamiseche wanama bodza loti atangokhala pansi mphindi zisanu latha, wowerenga amatopa. Chotchinga champhamvu chimachokera mu ntchito momwemo, chifukwa nyama ilibe Lamulungu, ilibe Khirisimasi, siidziwa kuti lero kuli chinkhoswe.

Kuno zoo yaikulu ngati ya ku Johannesburg kapena London tilibe, choncho musavutike kukopera zakunja. Tili ndi Lilongwe Wildlife Centre komwe amasamalira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozembetsa, komanso tili ndi alonda a nyama mu Kasungu National Park pompano. Tengani ngaka mwachitsanzo. Ngaka ilibe mano, imadya nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali lija, ndipo siyophweka kuidyetsa m'mbale, nchifukwa chake ikapulumutsidwa woisamalira amayenera kupita nayo kutchire kuti ikafukule yokha, iye nkumaitsata pambuyo maola angapo tsiku ndi tsiku. Tsopano ganizani mnyamata wapangana ndi amalume ake kuti lero 4 koloko ndikubweretserani mbeta muione, azakhali aphika nkhuku, mkeka ayala, koma mtsikana ali chiimire pachulu, mabuti ali matope okhaokha, nyerere zikumukwera m'miyendo, ngaka yalowetsa mphuno m'dzenje ndipo siikufulumira olo pang'ono, foni ikulira m'thumba koma sangaisiye kanyamako. Apo tiseka, ndipo tikuseka tikumumvera chisoni, poti palibe wolakwa. Kuseka kwabwino mu nkhani izi kumabwera anthu awiri onse akakhala kuti akunena zoona.

Amene mukufuna nkhani yapakhomo penipeni, pakiyi ikukupatsani kale. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu, ndipo anthu okhala m'malire a paki akudziwa zimene zimachitika chimanga chikakhwima, njovu zikathyola mpanda usiku umodzi munda umatha. Mlonda wa nyama akhale mtsikana wathu, mnyamata akhale mlimi wa chimanga ndi fodya cha kwa Chulu uko. Kwa mtsikanayo njovu ndi ntchito imene anailumbirira, kwa mnyamatayo njovu ndi njala pakhomo pa mayi ake. Mkangano umenewo sutha ndi pepani.

Koma apa ndikupempheni chinthu. Pali mabanja amene anataya abale awo chifukwa cha njovu, ndiye musaseketse anthu ndi maliro kapena ndi munthu wolira munda wake. Nthabwala zanu zikhale pa apongozi amene akuuza mudzi wonse kuti mtengwa wawo ndi m'busa wa njovu, pa netiweki imene imagwira pamtengo umodzi wokha kukampu, pa kalata yachikondi imene pusi waitola nkukwera nayo padenga. Za munda wodyedwazo muzilembe mtima uli m'malo, wowerenga wa kwa Lukwa, kumalire a pakiko, akaziona adziwe kuti wolembayu wamulemekeza.

Cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri nchakuti mnyamata amangokhala wodikira, alibe chake. Mpatseni ntchito nayenso yokhala ndi nyengo yake. Mlimi wa fodya nthawi yothyola ndi kusoka sapuma, nthawi yosankha ndi kudinda mabelo sagona, ndiye tsiku limene mtsikana wapatsidwa holide nkutheka iye ali m'chigafa. Akakhala otanganidwa onse awiri nkhani imayenda yokha.

Ndiye pamathero. Ambiri amamaliza ndi mtsikana kutula pansi ntchito, kuvula yunifomu nkupita kukaphika nsima, ati chikondi chapambana. Ine zimenezo sindivomereza, osati chifukwa cha ndale za jenda ayi koma chifukwa bukulo ladzitsutsa lokha, mwatha masamba 200 mukutionetsa kuti munthuyu ntchito yake ndi moyo wake ndiye mukamulanda pamapeto mnyamatayo akwatira munthu wina, si uja anamukonda. Chimodzimodzi mnyamata kungosiya munda ndi makolo ngati alibe kwao. Aliyense alipire kenakake ndipo tione akulipira.

Mwambo wathu ukukuthandizani pamenepa. Ankhoswe akakhala pansi funso la komwe banja likakhale silithawika, chikamwini mwamuna kupita kwa mkazi, kapena chitengwa mkazi kutengedwa. Nanga ngati mkaziyo nyumba yake ndi ya boma, kukampu mkati mwa paki cha ku Lifupa, komwe kulibe mudzi wa mbali iliyonse? Mutu womaliza ukhoza kukhala ankhoswe a mbali ziwiri akukangana zimenezi pansi pa mtengo wa mango, awa akuti mkamwini akamange kuchikazi awo akuti mtengwa abwere kuchimuna, wailesi yam'manja ya mtsikana nkulira kuti njovu zatuluka chakumpoto, mnyamata osayankhula kanthu kungodzuka kukaliza njinga yamoto kuti amuperekeze.