Kudula masipuling'i sikukonza galimoto

Achinyamata mukafika kugalaji, pempho lake ndi lomwelo: "Amakaniko, ndiwonjezereni mphamvu ya injini." Ndatopa nalo. Galimoto ikuvuta kale kukhota pa 80, ndiye mukufuna ikafike pakona ili pa 140 kuti itani? Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti muime umawirikiza kanayi.

Chimene chimagwira msewu ndi tayala. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zodzera ku Dar es Salaam zimafika ndi matayala a nyengo yachisanu, olembedwa studless. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa phula la Okutobala kuno ku Lilongwe amachita kuterereka. Yang'ananinso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Lioneke latsopano bwanji, lakalamba limenelo.

Mnyamata wina wa Toyota Mark X samandichoka m'mutu. Anakadulitsa masipuling'i ndi galayinda kwa makaniko wa pansi pa mtengo kuti galimoto itsike ngati za mpikisano za ku Kyalami, bwalo la mipikisano ya galimoto ku South Africa. Za mpikisanozo zimatsitsidwa ndi masipuling'i ndi mashoko opangidwira limodzi. Yake mashoko anali akudontha mafuta, ndipo sipuling'i yodula ija imachoka pamalo pake tayala likagwa m'dzenje. Ndinamuonetsa zonse, anagwira yekha ndi dzanja. Anati abwera akalandira kumapeto kwa mwezi. Galimoto inabweradi, koma yonyamulidwa, itagubuduka usiku pamsewu wa bypass. Iye ali moyo, koma mnzake amene anakhala kutsogolo akuyendera ndodo mpaka lero. Makaniko uja akudulabe masipuling'i a ena.

Mafuta a mabuleki nawo mumawaiwala. Amayamwa chinyezi: a mtundu wa DOT 4 atsopano amawira kuyambira pa madigiri 230, akamwa madzi amatsika kufika cha pa 155. Mukaponda mobwereza, mafutawo amatentha n'kuwira, pedulo imangolowa pansi. Sinthani zaka ziwiri zilizonse.

Kuyendetsa kwenikweniko, pondani buleki chiwongolero chili chowongoka, musanalowe pakona, maso ali kumene mukufuna kutulukira. Izi muziphunzire pabwalo lotsekedwa, mwachilolezo, pali wokuphunzitsani, osati pa M1 pamene pali akabaza ndi ana akusukulu. Ndipo wina akakutulutsirani galayinda kapena moto wa gasi pafupi ndi sipuling'i, tengani makiyi anu muzipita.