Ku South Africa abusa sakakamizidwa kudalitsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha

Ambiri, ngakhale abale athu okhala ku Joni, amakhulupirira kuti boma la South Africa limakakamiza abusa kumangitsa maukwati oterewa. Si zoona, ndipo mphekesera imeneyi imangokolezera chidani.

Amayi awiri, Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, adapita kukhothi kuti boma lizindikire ukwati wawo. Pa 1 Disembala 2005 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kuwakaniza n'tsankho. Woweruza Albie Sachs adanenetsanso kuti mipingo ili ndi ufulu wotsata chiphunzitso chake. Lamulo la Civil Union Act, lololeza maukwati oterewa, lidabwera mu Novembala 2006, ndipo mbusa akhoza kukana popanda mlandu.

Amene adataya mwayi wokana ndi ogwira ntchito ku Home Affairs, nthambi ya boma yomwe imamangitsa ndi kulembetsa maukwati, lamulo litasinthidwa mu 2020.