Pete Carroll ndi mphamvu yosankha osewera

Mpira umene anthu a ku America amautcha football si wamiyendo uja tinauzolowera. Ndi wa m'manja, wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo osewera amavala zipewa zolimba chifukwa chogundana. Umaseweredwa m'mayunivesite, komwe mabwalo ena amalowa anthu oposa 100,000, komanso mu ligi ya akatswiri ya NFL yomwe ili ndi matimu 32. Aphunzitsi amene anakhalapo akatswiri a dziko lonse ku yunivesite n'kutenganso chikho cha Super Bowl, chomwe ndi chachikulu mu NFL, alipo atatu okha: Jimmy Johnson, Barry Switzer ndi Pete Carroll. Ndi ochepa chonchi chifukwa ntchito ziwirizi zimangofanana dzina.

Ku yunivesite mphunzitsi wamkulu amadzisakira yekha osewera. Amayenda m'masukulu a sekondale, amalowa m'makomo kukacheza ndi makolo, n'kuwatsimikizira kuti mwana wawo akaphunzira ulere ndipo luso lake likakula. Wodziwa kukopa anthu amakolola anyamata abwino chaka ndi chaka. Ku NFL zimenezi kulibe. Osewera atsopano amagawidwa kudzera mu draft, pomwe timu imene inachita moipa kwambiri ndiyo imayamba kusankha. Palinso malire a ndalama zomwe timu iliyonse ingawononge pa malipiro, ndipo m'matimu ambiri wosankha osewera amakhala manijala wamkulu, osati mphunzitsi.

Carroll, yemwe anabadwira ku San Francisco mu 1951, anaziona zimenezi akadali koyamba. Mu 1994 anapatsidwa timu ya NFL ya New York Jets, anapambana masewera 6 n'kugonja 10, ndipo anachotsedwa ntchito chaka chomwecho chitangotha. Ku New England Patriots anakhalako kuyambira 1997 mpaka 1999. Anapambana masewera 27 pa 48, zomwe si zochititsa manyazi, koma timu inkatsika chaka chilichonse ndipo mphamvu yosankha osewera inali m'manja mwa ena. Anachotsedwanso.

Pamene yunivesite ya USC ya ku Los Angeles inkamulemba ntchito kumapeto kwa 2000, ochemerera ambiri sanakondwe. Koma kumeneko n'komwe anapeza zomwe ankazisowa: zonse zinali m'manja mwake. Anakhazikitsa lamulo loti malo aliwonse m'timu ndi opikisanirana, kotero mnyamata wongofika kumene ankatha kulanda malo a mkulu wake ngati wamuposa pokonzekera masewera. Chaka choyamba anapambana 6 n'kugonja 6. Pofika 2003 ndi 2004 atolankhani a AP anaiika USC pa nambala wani m'dziko lonse, ndipo osewera ake atatu, Carson Palmer, Matt Leinart ndi Reggie Bush, analandira mphoto ya Heisman yomwe imapita kwa wosewera wopambana onse m'mayunivesite.

Nthawi imeneyi ili ndi banga lomwe sitingalibise. Mu June 2010 bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite, linalanga USC chifukwa Bush ndi banja lake analandira ndalama ndi zinthu zina zomwe malamulo a nthawiyo ankaletsa. Chikho cha BCS cha 2004, cha akatswiri a mayunivesite a dziko lonse, chinalandidwa. Apa n'kuti Carroll atachoka kale mu Januwale, ndipo chilango chinagwera anyamata otsala omwe sanalakwe kanthu. Zimenezi zimandipweteka mtima mpaka pano.

Pobwerera ku NFL anaonetsetsa kuti zakale zija zisachitikenso. Seattle Seahawks inamupatsa udindo wa mphunzitsi pamodzi ndi mpando wa utsogoleri m'kalabu, ndipo iye anatenga nawo mbali posankha manijala wamkulu, John Schneider. Awiriwa sankayang'ana mayina otchuka. Richard Sherman anamutenga m'ndime yachisanu ya draft ya 2011. Russell Wilson, yemwe matimu ambiri anamudumpha ati ndi wamfupi, anamutenga m'ndime yachitatu mu 2012, ndipo chaka chomwecho anamupatsa udindo wa quarterback, woponya mpira amene amatsogolera timu ikamapita kutsogolo, ngakhale kalabu inali itangolemba kumene Matt Flynn pa ndalama zambiri kuti azisewera pa malo omwewo. Mphunzitsi wopanda mphamvu m'kalabu sakanalimba mtima chotero. Mu Febuluwale 2014 Seattle inakwapula Denver Broncos 43 kwa 8 mu Super Bowl.

Ambiri amakumbukira chaka chotsatira, pomwe mu Super Bowl Seattle inatsala ndi yadi imodzi kuti ifikitse mpira pa mzere wogoletsera n'kugonjetsa Patriots, Wilson n'kuponya mpira womwe Malcolm Butler wa Patriots anauwakha, masewera n'kutha 28 kwa 24 mokomera Patriots. Ine ndimaona kuti chimene chinafooketsa timuyi kwambiri ndi malire a malipiro aja. Anyamata omwe anapezeka motchipa anakula n'kufuna malipiro oyenera luso lawo, Wilson anasainira kontrakiti yaikulu mu 2015, ndipo kusunga onse kunakanika. Carroll anatsogolerabe Seattle mpaka Januwale 2024, zaka 14 zathunthu, koma ku Super Bowl sanabwererekonso.