Tochi ya laser imawotcha diso popanda ululu

Makolo ndi aphunzitsi, timatochi ta laser tija, totulutsa kadontho kofiira kapena kobiriwira, si zidole za ana ayi. Diso limasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pa retina, kachikopa kopyapyala kakumbuyo kwa diso, monga momwe galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka pepala n'kuyaka. Tochi ya m'gulu lotchedwa Class 2, imene mphamvu ya kuwala kwake sipitirira 1 mW (milliwatt, muyezo wa mphamvu), kuphethira kokha kumakwanira kuteteza diso. Koma zambiri zogulidwa pa intaneti zimadutsa 5 mW kutalitali, ngakhale kapepala kake katalemba zina, ndipo zoterezi zimawotcha munthu asanaphethire n'komwe.

Mwana akawalitsidwa tochi yotere m'maso, chotidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu akuti "sakumva kupweteka, tidikire kaye". Retina ilibe mitsempha yomvera ululu. Mwana atha kupsa mkati mwa diso koma kunja diso lili loyera, losafiira, iye akusewera mpira bwinobwino. Komanso ana ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ndiye mufunseni modekha.

Chidima chotsatira kuthobwa m'maso chiyenera kutha pa mphindi zochepa. Ngati sichikutha, mutsekeni diso limodzi ndi chikhatho, ayang'ane nkhope yanu, kenako diso linalo. Akati pamphuno panu pali kadontho kakuda, kapena feremu ya chitseko ikuoneka yokhota, kapena zilembo za m'buku zikusowa pakati, nyamukani mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti ululu uyambe, chifukwa mwina suyamba.

Asatikite disolo. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena zitsamba. Balalo lili kumbuyo, kumene zimenezi sizifika, ndipo mungowonjezerapo matenda ena.

Kuchipatala adzamuwerengetsa zilembo za pakhoma diso lililonse palokha, n'kumudonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone retina. Mankhwalawa amachititsa kuti aziona mwachimbuuzi kwa maola angapo, choncho asabwerere yekha panjinga. Angathe kukutumizani kwa madokotala a maso, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pamene papsa kwambiri pamasiya chipsera chosatha, koma magazi akakhala kuti ataikira mkati kapena retina yabooka, pali zimene adokotala angachite mukafika msanga.

Tochiyo itengeni, muikulunge mutachotsa mabatire. Mukanene mtundu wa kuwala kwake, mtunda umene mwanayo anaima, ndi nthawi imene zinachitika.