Musanalipire kosi ya kasungidwe ka marekodi a pa kompyuta

Ofesi ikangogula makina osikanira mapepala ndi pulogalamu yosungira mafayilo, woyang'anira rejisitire amayamba kukanda mutu: ndipite kosi iti? Zotsatsa zilipo zambirimbiri, ndipo zonse zimalonjeza satifiketi. Koma mapepala amene timawatcha satifiketiwa ali m'magulu atatu, ndipo kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Pali ija mumalandira chifukwa munalipo basi. Mwakhala m'kalasi masiku angapo, mwasaina m'mawa uliwonse, tsiku lomaliza akujambulani chithunzi. Sindikuinyoza, imatsegula maso, koma siitsimikizira aliyense kuti ntchito mukuitha. Ina ndi ya kampani yopanga pulogalamu, monga maphunziro a SharePoint kapena OpenText. Imeneyi imakuphunzitsani podina. Ndi yothandiza ngati ofesi yanu ikugwiritsadi ntchito pulogalamuyo, koma tsiku limene abwana adzasinthe pulogalamu, zambiri zimene munaphunzira zidzapita nayo limodzi. Yachitatu imachokera ku bungwe la akatswiri mukakhoza mayeso, ndipo imatha mphamvu mukasiya kuphunzira.

Mwa zagulu lachitatuli, yakale komanso yovuta ndi CRM (Certified Records Manager), imene imaperekedwa ndi Institute of Certified Records Managers, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1975. Mayeso ake ali m'magawo 6. Magawo asanu oyamba ndi osankha yankho lolondola, koma lomaliza amakupatsani vuto la ofesi inayake kuti mulembe nokha momwe mungalithetsere, ndipo apa kuloweza pamtima sikuthandiza. Asanakuloleni kulemba amayang'ana maphunziro anu ndi zaka zimene mwagwira ntchitoyi, ndipo mukaipeza mumafunika maola 100 a maphunziro oonjezera pa zaka zisanu zilizonse. Amene sanafike pamenepo angayambe ndi CRA (Certified Records Analyst) ya bungwe lomwelo, yomwe imafuna gawo 2, 3 ndi 4 okha a mayesowa. Bungwe lina la akatswiri, ARMA International, lili ndi IGP (Information Governance Professional), yoyenera munthu amene amalemba malamulo a kampani ndi kukhala pa tebulo limodzi ndi maloya ndi a IT. Bungwe la AIIM lili ndi CIP (Certified Information Professional), yomwe imakhudza zambiri koma mosazama ngati CRM. Ngati ntchito yanu ndi yosunga zinthu zimene siziyenera kutayidwa mpaka kalekale, yang'anani Digital Archives Specialist ya Society of American Archivists.

Onani kuti onsewa ndi mabungwe a ku America. Mfundo zake zimagwira kulikonse, koma kutalika kwa nthawi yosunga fayilo ya msonkho kapena ya wantchito wopuma kumanenedwa ndi malamulo a dziko limene inu muli. Amenewo muyenera kuwawerenga panokha, kaya mwatenga satifiketi iti.

Ine dzina la satifiketi ndimaliyang'ana pomaliza. Choyamba ndimapempha silabasi. Ngati mulibe ISO 15489, muyezo wa padziko lonse wa kasungidwe ka marekodi, ndimayamba kukayika. Muyezo umenewu unatuluka mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2016, ndipo umanena kuti rekodi iyenera kukhala yeniyeni, yodalirika, yosasinthidwa mwachinyengo, komanso yotheka kuipeza ndi kuiwerenga ikafunika. Zikumveka zapafupi mpaka atabwera odita. Mutsegula foda ya dipatimenti, mupeza "Kontirakiti_yomaliza", pansi pake "Kontirakiti_yomaliza2", kenako "Kontirakiti_yomaliza_yeniyeni". Odita afunsa kuti inasainidwa ndi iti, anaisintha ndani, liti. Aliyense angoti kukamwa yasa. Kosi yabwino imakuphunzitsani zoti zimenezi zisachitike: kusanja mafayilo potengera ntchito zimene bungwe limagwira osati mayina a anthu kapena madipatimenti omwe amasinthasintha, kulemba metadata yoonetsa mwini, tsiku ndi mtundu wa chikalata, ndiponso kukhala ndi kaundula wa aliyense amene watsegula kapena kusintha fayilo.

Chinanso ndi retention schedule, ndandanda yonena kuti rekodi iliyonse isungidwe nthawi yaitali bwanji ndipo pambuyo pake itayidwe kapena ipite kosungira zakale. Pa ntchito yonseyi palibe chikalata chofunika kuposa ichi. Makosi ambiri amakamba zosunga, koma zotaya amazilambalala, pomwe kufufuta fayilo popanda chilolezo cholembedwa, kapena pamene mlandu uli m'khoti, kumaika bungwe m'madzi. Kusunga chilichonse mpaka muyaya nakonso ndi vuto, makamaka kumene kuli malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Funsaninso ngati amaphunzitsa za imelo ndi mauthenga a WhatsApp, chifukwa masiku ano zigamulo zambiri zimapangidwa kumeneko, komanso za PDF/A (mtundu wa PDF wosungira zikalata kwa nthawi yaitali) ndi kusamutsa mafayilo pulogalamu ikakalamba. Kosi imene masiku ake onse ndi osikana mapepala ingokuthandizani kusamutsira chisokonezo cha m'kabati pa kompyuta.

Mphunzitsi naye mufufuzeni. Kodi anayamba wakhazikitsapo dongosolo lotere mu ofesi yeniyeni, kapena amangowerenga masilaidi? Kodi pali homuweki yoti mulembe ndandanda ya dipatimenti yanu, iye n'kuichonga? Akanena kuti kosi yawo ndi yovomerezeka, funsani kuti yovomerezedwa ndi ndani, ndipo mukaone nokha pa webusaiti ya bungwelo. Logo aliyense angathe kuimata pa positala.

Kwa woyamba kumene, malangizo anga ndi oti asathamangire mayeso. International Records Management Trust inatulutsa mu 2009 mabuku aulere ophunzitsira kasungidwe ka marekodi a pa kompyuta. Zina za mapulogalamu zinapitidwa ndi nthawi, koma mfundo zake zikadali zolimba, ndipo mukawawerenga mudziwa mafunso ofunsa ogulitsa makosi. Kenako tengani kosi ya maziko yokhala ndi mayeso, ya pulogalamu ibwere ofesi ikasankha chogula. CRM kapena IGP idikire mpaka mutagwira ntchitoyi mokwanira. Ngati mukufuna kudzatsogolera dipatimenti, werengani zotsatsa ntchito za udindo umenewo kaye: olemba ntchito ambiri amafuna dipuloma kapena digiri ya ku yunivesite, ndipo satifiketi amaiwerengera ngati yoonjezera pamwamba pake.