Dzino Lowawa ndi Madzi Ozizira Si Lovunda Nthawi Zonse

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti dzino likamawawa munthu akamwa madzi ozizira ndiye kuti lavunda ndipo liyenera kuzulidwa, koma kawirikawiri vuto limakhala lina. Pansi pa chikuto cholimba cha dzino pali gawo lotchedwa dentini, lomwe lili ndi timipata tambirimbiri todzadza ndi timadzi, tolunjika ku mitsempha. Chikutocho chikaperepeseka, kapena nkhama zikabwerera m'mbuyo, timipatato timatseguka, ndipo chozizira chimagwedeza timadzito n'kudzutsa mitsempha, monga anafotokozera katswiri wa mano Martin Brännström wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1960.

Choncho chofunika ndi kutseka timipatato. Akatswiri akuyesa kuchita zimenezi ndi zinthu zotayidwa monga zikamba za mazira, zomwe zili ndi kashiamu wochuluka. Amazisandutsa hydroxyapatite, mchere womwewo umene umapanga mano, m'tizidutswa tating'onoting'ono totha kulowa m'timipatamo. Ntchito yambiri ikadali yoyesera, ndipo kusinja zikambazo pakhomo n'kutsukira mano n'kulakwitsa kwambiri, chifukwa ufa wokhakhalawo ungakande chikutocho n'kuwonjezera ululu. Ululu ukamapitirira chozizira chitachoka, dokotala wa mano ayenera kuliona dzinolo.